Pa 17 Meyi ku Norway: ndinyamule mbendera yawo kapena ndingoonerera?

Chiperoni_Thyolo
Moni abale ndi alongo. Ndili ku Norway kuyambira Januwale pa mgwirizano wosinthana ophunzira, teremu imodzi yokha, ndipo ndibwerera kwathu kumapeto kwa Juni. Ndimakhala ku Ås, katauni ka ophunzira, ulendo wa theka la ola pa sitima kuchokera ku Oslo. Pa 17 Meyi ndi tsiku lalikulu la dziko lino. Mnzanga wa m'kalasi wandiitanira kwa makolo ake kuti tikadye m'mawa, kenako tikaonerere ana a sukulu akuguba mu Oslo. Wandigulira kale kambendera ka Norway ndi kaliboni komata pachifuwa.

Ndinawauza malume anga pa foni ndili wokondwa, koma iwo sizinawakomere. Akuti ananditumiza kudzaphunzira, osati kudzagwedeza mbendera za eni. Kenako anandifunsa kuti, "Pa 6 Julaye unayamba wanyamulapo mbendera ya Malawi iwe?" Ndinasowa choyankha, chifukwa sindinanyamulepo. Malumewa ndi amene anandilera ndi kundilipirira sukulu bambo atamwalira, ndiye mawu awo sindingangowataya kunkhongo.

Ndithandizeni nzeru. Ndipite kapena ndimupepese mnzangayo? Ndikapita ndivale chiyani, popeza akuti tsiku limeneli aliyense amatchena? Nanga ndikatenga kambendera ka Malawi kamene ndinabwera nako, eni ake akhumudwa?

Kadzidzi77
Malume akunena zoona. Pitani mukadye, mukaonere, koma mbendera asiyireni eni ake. Kwa eni kulibe mkuwe.

MayiWaBergen
Chemwali, pitani. Ndakhala kuno zaka 19, ndine namwino, ana anga atatu aguba pa perete ameneyu chaka ndi chaka. Anthu a kuno sakonda kuitanira munthu kunyumba kwawo, mwina mwaona kale kuti mutha kukhala moyandikana ndi munthu chaka chathunthu osadziwa mtundu wa mipando yake. Ndiye ngati akuitanirani chakudya cham'mawa cha 17 Meyi, akutsegulirani chitseko chimene sichitseguka wamba.

Muyambe mwadziwa chimene akukumbukira. Pa 17 Meyi 1814 amuna 112 anamaliza malamulo oyendetsera dziko ku Eidsvoll. Dzikoli linali litakhala pansi pa Denmark zaka pafupifupi 400, ndipo chaka chomwecho linakakamizidwa kukhala pansi pa mfumu ya Sweden mpaka 1905. Pa nthawi imene Ajeremani analanda dzikoli, kuyambira 1940 mpaka 1945, kukondwerera tsikuli kunali koletsedwa. N'chifukwa chake agogo a kuno akamagwedeza mbendera ena amagwetsa misozi. Amadziwa kulamulidwa ndi anthu ena, ngati ife tomwe.

Chimene chinandigwira mtima chaka changa choyamba n'chakuti tsikuli ndi la ana. Simudzaona akasinja kapena ndege zankhondo. Mudzaona sukulu iliyonse ili ndi chikwangwani chake ndi bandi yake ya malipenga, ana akufuula "hurra" mpaka mawu kusasa. Perete woyamba wa ana anachitika mu 1870, anyamata okhaokha, atsikana analoledwa mu 1889. Mu Oslo masukulu oposa 100 amakwera msewu wa Karl Johans gate kudutsa pa nyumba yachifumu, mfumu ndi banja lake ataima pakhonde la pamwamba kuwabayibitsa kwa maola angapo. Pa anawo pali ana a makolo ochokera ku Somalia, Pakistan, Poland, Eritrea, ndi anga ochokera ku Kasungu, onse mbendera m'manja. Palibe amene akufunseni chitupa musanagwire yanu.

Za zovala: akazi ambiri adzavala bunad, chovala cha makolo. Dera lililonse lili ndi yake, ndipo munthu amavala ya kumene kunachokera makolo ake. Ndi yodula kwambiri, ena amalandira ya agogo awo n'kuikonzetsa. Imeneyo musaifunefune. Inu valani suti yanu ya chitenje ngati munabwera nayo, ndi duku. Adzakuyamikirani, chifukwa kwa iwo ndiye kuti nanunso mwavala bunad yakwanu. Koma mkati muvale zotentha, Meyi wa kuno ndi wosadalirika, ndipo nsapato zikhale zafulati chifukwa muima ndi kuyenda tsiku lonse. Aliyense mukakumana naye muzinena kuti "Gratulerer med dagen", ndiwo mafuno abwino a tsikuli. Mbendera isakhudze pansi, zimenezo amazitenga mozama.

Kadzidzi77
Amayi, ana anu anabadwira konko, ndi eni dziko. Uyu ndi wa miyezi 6. Mlendo ndi mame. Zikufanana bwanji?

MayiWaBergen
Achimwene, inenso chaka choyamba ndinali mame. Mayi wina woyandikana naye nyumba anandiika mbendera m'manja ndisanadziwe n'komwe kunena moni m'chinenero chawo. Ndikanaikana ndikanamunyoza.

Wa_ku_Pune
Ine ndili ku India chaka chachitatu. Pa 15 Ogasiti, tsiku lawo la ufulu, m'mawa kusukulu kwathu amakweza mbendera, kuimba nyimbo ya fuko, kenako kugawa maswiti, Nduna Yaikulu ikulankhula pa TV ili ku Red Fort, linga lakale la mu Delhi. Ife alendo timaima nawo. Chaka choyamba mphunzitsi wina atamva kuti ndine wa ku Malawi anandifunsa kuti tinalandira liti ufulu. Nditati 1964, kuchokera kwa Angerezi omwewo, anandigwira dzanja osalisiya. Iwo 1947, ife patatha zaka 17. Kuyambira pamenepo tsikuli ndimalimva ngati likundikhudza. Chongokuchenjezani amene mukubwera kuno: tsiku limeneli ndi la 26 Januwale, tsiku lina la fuko lawo, mowa sagulitsa.

MphunzitsiWopuma
Mwana wanga Chiperoni, ndalowa mochedwa koma ndikufuna ndiwaimire pang'ono malume ako, chifukwa ndikuona ngati ena pano akuwayesa munthu wosaona patali. Sindikuwadziwa, koma ngati ali a msinkhu wathu ndikudziwa kumene mawu awo akuchokera.

Usiku wa pa 5 kulowa pa 6 Julaye 1964 ndinali ndi zaka 12. Mudzi wonse tinaunjikana pa wailesi imodzi ya sitolo ya pamsika kumvera zimene zinkachitika pa bwalo la masewera ku Blantyre, mbendera ya Angerezi ikutsika, yathu ikukwera, Prince Philip ali pomwepo. Bambo anga, amene anaona zipolowe za 1959 ndi maso awo, sanalankhule kanthu, anangovula chipewa. Kwa anthu amene anakula akumva nkhani za thangata, za Chitaganya cha 1953 mpaka 1963, za anthu amene anawomberedwa ku Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959, kuona mwana wako atanyamula mbendera ya mzungu kumawawa penapake, ngakhale mzunguyo akhale wa dziko limene silinatilamulirepo. Mtima suwerenga mapu.

Ndiye usakangane nawo. Uwafotokozere m'njira imene angaimve. Ukaitanidwa ku ukwati wa mudzi wina umavala bwino, umavina, umafupa pa perekaniperekani, umayimba nyimbo zawo. Kodi pobwerera umakhala wasintha mfunda? Ayi. Koma ukakhala pakona manja ali m'thumba, anthu sanena za iwe wekha, amati "anthu a mudzi wakuti ndi odzikonda". Uwauze kuti ukupita kukaimira mudzi. Uwauzenso kuti Norway nayo inalamulidwa ndi ena zaka mazana, monga afotokozera amayi a ku Bergen. Sindikukhulupirira kuti akudziwa zimenezo, ine ndemwe ndazimva bwino lero.

Funso lawo lachiwiri lija, la 6 Julaye, usalithawe. Ndi funso labwino ndipo si lako wekha.

Chiperoni_Thyolo
Zikomo bambo. Fanizo la ukwatilo ndiligwiritsa ntchito. Agogo anga aamuna, bambo awo a malumewa, ankagwira ntchito m'minda ya tiyi nthawi ya atsamunda. Sindinaganize kuti nkhani ingachokere kumeneko.

Nyenyezi_Leipzig
Langizo langa ndi lalifupi: yang'anani zimene eni ake akuchita, chifukwa maiko amasiyana kwambiri. Kuno ku Germany tsiku la fuko ndi 3 Okutobala, kukumbukira kugwirizananso kwa kum'mawa ndi kumadzulo mu 1990. Ine ndinkayembekezera misewu yodzaza. Ndinatuluka m'mawa, kuli zii, masitolo onse otseka, m'nyumba ndilibe ngakhale buledi. Mwambo waukulu umachitikira mumzinda umodzi, chaka chilichonse wosiyana, ena onse amangopuma. Mbendera kuno mumaiona yambiri pa mpira basi, chifukwa cha mbiri yawo ya nkhondo ambiri amachita nayo manyazi. Kuno ukayenda ukugwedeza mbendera wekha pa 3 Okutobala anthu akhoza kukuganizira zina. Ku Norway ndi zosiyana, kumeneko wopanda mbendera ndiye amaoneka wachilendo.

AnkoloAkuJoni
Inu mukukamba za maiko amene amakuitanani kudzadya. Ine ndili ku Johannesburg kuyambira 2006. Pa 27 Epulo, tsiku lawo la ufulu, ndimakhala m'nyumba. Mu 2008 ndinagona pa polisi masiku angapo, katundu wanga yense atapita. Mu 2015 ndinaperekeza anzanga kukakwera mabasi amene boma linatumiza kudzatenga anthu. Ndiye wina andiuze kuti ndikavine nawo? Sindikumuletsa mwanayu, apite. Koma musamalankhule ngati paliponse mlendo amalandiridwa ndi manja awiri.

MwanaWaChipata
Pepani ankolo pa zimene munaona. Koma ine ndikanakhala kumeneko tsikulo ndikanalikondwerera ndithu, chifukwa ufulu umenewo tinaulipirira nawo. ANC inali ndi likulu lake ku Lusaka zaka zambiri, ndipo Zambia inavutika chifukwa chosunga omenyera ufulu. 27 Epulo 1994 ndi yathunso.

Kadzidzi77
Ya inu a ku Zambia mwina. Ife boma lathu linatsegula ubale ndi boma la tsankho mu 1967, Kamuzu mpaka anakacheza ku Pretoria mu 1971. Tisadzinamize.

AnkoloAkuJoni
Boma ndi boma, anthu ndi anthu. Agogo athu anathera mapapo m'migodi ya kuno pa Wenela. Golide wa mzinda uno ali ndi thukuta la Amalawi. Sindikusowa chifukwa choti tsikulo likhale langa, chimene ndikusowa ndi mtendere woti ndituluke.

WoyanganiraGulu
Abale, nkhani ya ku Joni ndi yaikulu ndipo ikuyenera malo akeake, ankolo mukaiyambitsa tidzabwera tonse. Pano tibwerere kwa mlongo wathu, masiku akumuthera.

Kuwala_Tromsø
Ndili kumpoto kwenikweni kwa Norway, chaka chachiwiri. Ndikugwirizana ndi amayi a ku Bergen kuti apite, koma pali mbali ina imene sindikufuna ibisike, chifukwa munthu ukamakondwerera ndi eni uzidziwanso mabala awo.

Malamulo a 1814 amenewa, pamene ankalembedwa, anali ndi ndime yoletsa Ayuda kulowa m'dzikoli. Inachotsedwa mu 1851. Komanso kuno kumpoto kuli Asami, anthu amene anali kuno kalekale, oweta mphalapala za kuno ndi asodzi. Kwa zaka zoposa 100 boma linkafuna kuwasandutsa Anorway. Ana ankatengedwa kupita ku sukulu zogonera komweko kumene chinenero chawo sichinkaloledwa. Nyumba ya malamulo inapepesa mu 2024. Mnzanga wa m'chipinda choyandikana ndi changa ndi Msami. Agogo ake anasiya kulankhula chinenero chawo ndi ana awo chifukwa cha manyazi amene anawaphunzitsa kusukulu, ndipo iye akuchiphunzira pano ali wamkulu. Pa 17 Meyi amavala chovala cha kwawo, mbendera ya Asami kudzanja limodzi, ya Norway kudzanja lina. Ndinamufunsa ngati sizimuvuta. Anati zimamuvuta, koma akapanda kubwera ndiye kuti wavomera kuti dzikoli si lake. Tsiku lawo la iwo eni ndi 6 Febuluwale.

Ine ndine Mtumbuka wa ku Rumphi. Atandiuza zimenezi ndinakumbukira amayi anga akusimba za 1968, pamene Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu. Tinakhala mpaka usiku tikukambirana. Sindinkayembekezera kuti kuno kumapeto kwa dziko ndingapeze munthu womvetsa nkhani imeneyo msanga chonchi.

MphunzitsiWopuma
Mwana wa ku Rumphi, zimene wanenazo ndi zoona ndipo ine ndinaphunzitsa m'nthawi imeneyo. Tinkadziwa kuti ana ena akuvutika m'kalasi koma pakamwa panali potseka. Zikomo pozitchula.

Chiperoni_Thyolo
Achimwene a ku Tromsø, ndiye ngati mnzanuyo amanyamula ziwiri, inenso ndinganyamule ya Malawi ndi ya Norway?

Kuwala_Tromsø
Zikusiyana pang'ono chemwali. Mbendera ya Asami ndi yovomerezeka m'dziko muno, ndi ya kuno. Za mbendera za maiko ena pa perete wa ana anthu akhala akukangana m'manyuzipepala kangapo, ena akuti ana anyamule za kwawo, ena akuti tsikuli ndi la mbendera imodzi. Inu simudzakhala mu perete, mudzakhala m'mbali mwa msewu, palibe angakuletseni. Koma mufunseni mnzanuyo, makolo ake amawadziwa ndi iye.

MayiWaBergen
Ine ndingati ya Malawi isiyeni kunyumba, kapena muimate kakang'ono pa jekete. Chitenje chikhala chitalankhula kale. Ku ukwati kuja anena aphunzitsi, sumapita ndi keke yako.

Kadzidzi77
Apa ndiye mwandipeza. Ya eni anyamule, yake asiye? Malume akamva zimenezi muwauza chiyani?

Thobwa_Lozizira
Pepani ndikhotetse pang'ono. Chiperoni, ufa mukuupeza kuti kumeneko? Mchemwali wanga akubwera ku Oslo mu Ogasiti ndipo akufuna kudzaza sutikesi ndi ufa.

Chiperoni_Thyolo
Asadzaze. Ku Grønland mu Oslo kuli masitolo a anthu a ku Asia ndi a ku Africa, ufa woyera wa chimanga umapezeka, nyemba, therere, nthochi zophika. Ndi wodula ndipo sukoma ngati wa kuchigayo, koma nsima imatheka. Malo a mu sutikesi asungire jekete, nsapato ndi zitenje. Tiyi yekha ndiye abwere naye.

Thobwa_Lozizira
Nanga mthiko?

Chiperoni_Thyolo
Umenewo asaiwale. Zipande za kuno zimathyoka.

MayiWaBergen
Mwatchula tiyi, ndiye mphatso mwaipeza kale. Pa chakudya cha m'mawa chimenechi aliyense amabwera ndi kanthu. Patebulo padzakhala mazira, nsomba ya salimoni yofutsa ndi utsi, buledi, makeke a sitiroberi, akuluakulu amatsegulanso shampeni m'mawa momwemo. Ngati simumwa ingonenani, sakakamiza. Tengani paketi ya tiyi wa kwanu ku Thyolo, ndipo mukatha kazingani mandasi usiku wake. Ana a kuno amawakonda. Masana chakudya ndi masoseji ndi ayisikilimu basi, mwana amaloledwa kudya ayisikilimu mmene angathere tsiku limeneli.

Mudzaonanso achinyamata ovala maovolosi ofiira, akuimba mawezulo ndi kugawira ana timakadi. Amenewo ndi a russ, omaliza sekondale. Musadabwe nawo.

Msodzi_Ohio
Ndinali ku America chaka chimodzi, ndinkakhala ndi banja la kumeneko. Pa 4 Julaye tinawotcha nyama kuseri kwa nyumba, madzulo tinapita kupaki kukaona makombola a m'mwamba. Ndili pomwepo ndinangotchula kuti kwathu ufulu timakumbukira mkuja, pa 6. Mayi wa m'nyumbamo sananene kanthu. Pa 6 ndikudzuka ndinapeza wajambula mbendera ya Malawi pa pepala ndi makrayoni a mwana wake, dzuwa lofiira lija analiwerengera bwinobwino mizere yake pa intaneti, waimata pa firiji. Anandipempha ndiphike chakudya cha kwathu. Tinadya nsima ya ufa wachikasu ndi nkhuku, onse ndi manja. Chiperoni, ukapita ku chawo, nawonso amafuna kudziwa chako. Ukakana, nkhani imathera pomwepo.

Kadzidzi77
Koma funso la malume palibe waliyankha. N'chifukwa chiyani mwana wa ku Malawi afike zaka 20 asanagwirepo mbendera yake, kukaigwira koyamba ikhale ya Norway?

MphunzitsiWopuma
Ndiliyankha ine, chifukwa mlandu ndi wa ife akuluakulu. Nthawi ya chipani chimodzi zikondwerero zinali zokakamiza. Amayi ankatengedwa pa malole kukavina, ana a sukulu ankayeserera masabata ambiri padzuwa, pa 3 Malichi munthu sunkayerekeza kugwira khasu. Itafika 1994 anthu anapuma, ndipo pamodzi ndi kukakamizako anatayanso chikondwerero chenichenicho. Chinatsala ndi cha pa sitediyamu: apulezidenti, asilikali, magule, mpira. Wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amangomvera pa wailesi. Mbendera nayo tinaiseweretsa, mu 2010 inasinthidwa, mu 2012 inabwezeretsedwa, mwana aziti yake ndi iti? Ndipo musaiwale 6 Julaye 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popanikizana pa chipata cha Bingu National Stadium. Ana amenewo anapita kukaona chikondwerero cha dziko lawo. Kholo liti lingatumizenso mwana?

Pamene amayi a ku Bergen amafotokoza za sukulu iliyonse kuguba m'dera lake, ine mtima unandipweteka. Zimenezo sizifuna ndalama zambiri. Ng'oma tili nazo, ana tili nawo.

Wa_ku_Pune
Bambo, vuto lina ndi lakuti tikangoyambitsa, a chipani abwera ndi nsalu zawo.

MphunzitsiWopuma
N'zoona. Ndiye pofunika mafumu ndi makomiti a sukulu alimbe mtima.

Chiperoni_Thyolo
Ndawaimbira malume dzulo. Ndinayamba ndi kuwafunsa za agogo ndi minda ya tiyi, analankhula pafupifupi ola lathunthu, zina sindinazimvepo chibadwire. Kenako ndinawauza za ukwati wa mudzi wina, ndi zoti anthu a kuno analamulidwa ndi Denmark ndi Sweden. Anakhala chete, kenako anati, "Pita, koma uvale chitenje, ndipo akakufunsa kwanu usanene kuti Africa, unene kuti Malawi, ku Thyolo." Za mbendera sanabwerezenso. Mnzanga uja ndamufunsa, akuti makolo ake angakondwe kuiona ya Malawi. Ndaganiza zoimata pa jekete, pansi pa kaliboni kawo.

Kadzidzi77
Bola pamenepo. Mudzatiuze mmene zayendera.

Chiperoni_Thyolo
Ndabwerako abale, miyendo ikuwawa koma ndati ndisagone ndisanakuuzeni.

Ndinadzutsidwa ndi ng'oma za bandi ya sukulu isanakwane 7 koloko. Kunyumba kwa makolo a mnzanga tinalipo anthu 14. Agogo ake aakazi, a zaka za m'ma 80, anavala bunad yakuda yopetedwa maluwa, ndi zasiliva pachifuwa zimene zinkalira akamayenda. Atandiona anabwera n'kugwira nsalu ya chitenje changa ndi zala ziwiri, kuipotokola pang'ono monga amachitira amayi pamsika wa Limbe pofuna kudziwa ngati ili yolimba. Anafunsa kuti anasoka ndani. Nditawauza kuti ndi telala wa pakhonde la sitolo kwathu, anandionetsa mkati mwa mkono wa bunad yawo, pamene amayi awo anasoka ndi manja, ulusi wake utayamba kuyera. Chingerezi sadziwa bwino, mdzukulu wawo ndiye ankamasulira. Anandiuza kuti nkhondo itatha mu 1945 anali kamtsikana, ndipo amakumbukira amayi awo akutulutsa mbendera imene anaibisa zaka zisanu.

Mandasi anatha mbale isanazungulire tebulo lonse. Tiyi tinamwa madzulo titabwerako.

Mu Oslo munali anthu osaneneka. Tinaima pafupi ndi nyumba yachifumu maola awiri. Mfumu ndinaiona patali, kakang'ono pakhonde. Koma chimene sindidzaiwala ndi ana. Panadutsa sukulu ina, kutsogolo kuli kamtsikana kakuda ngati ine, kameta bwino, kanyamula chingwe cha chikwangwani cha sukulu yawo. Katandiona ndi duku langa kanandiyang'anitsitsa, kenako kanakweza mbendera yake kundilozetsa n'kufuula "hurra". Ndinakweza yanga. Mpaka nthawi imeneyo ndinali nditangoigwira chozolika m'mbali mwa siketi, osadziwa chochita nayo. Achimwene a Kadzidzi, ndinaigwedeza ndithu, ndikuvomera. Poimba nyimbo ya fuko lawo ndinangoima chilili mwaulemu, sindinayimbe nawo, ndinaona kuti imeneyo ndi yawo.

Anthu asanu ndi mmodzi anandifunsa za kambendera ka pa jekete. Awiri ankaidziwa kale, bambo wina anati anagwirapo ntchito ku Lilongwe ndipo anandipatsa moni wa "muli bwanji". Ena ndinawafotokozera za dzuwa lotuluka ndi mitundu itatu ija. Aliyense ndinamuuza kuti Malawi, ku Thyolo.

MayiWaBergen
Mwandiliza chemwali. Agogo amenewo mukawatsanzike musananyamuke, ndipo ngati muli ndi chitenje china chosasoka muwasiyire.

Kadzidzi77
Ine maganizo anga pa mbendera sanasinthe kwenikweni, ndikanakhala ine sindikanaigwedeza. Koma zoti simunayimbe nyimbo yawo ndi zoti munatchula Thyolo, pamenepo mwachita bwino mlongo.

MphunzitsiWopuma
Pa 6 Julaye udzakhala utafika kumudzi. Ukadzapuma, pita ku pulayimale imene unaphunzira ukawaonetse aphunzitsi aakulu zithunzi za anawo. Ine ndalankhula kale ndi a komiti ya sukulu ya kwathu kuno, akuti tikumane Loweruka. Malume wawatumizira zithunzi?

Chiperoni_Thyolo
Ndawatumizira zitatu bambo. Pa chimene ndanyamula mbendera sananenepo kanthu. Afunsa za chimene ndaima ndi agogo aja, akuti mayi ameneyu ndani, ndipo zasiliva zili pachifuwazo ndi za ufumu kapena aliyense amavala. Ndawayankha. Akuti ndikawapatse moni, ndiwauze kuti tiyi amene anamwayo mwina ndi wa m'munda umene bambo awo ankathyola. Ndipita Lachitatu ndikatuluka m'kalasi, chitenje chosasoka ndili nacho chimodzi.